Ophika a ku Dambwa

Zakudya zapamwamba zimene alendo ankadya ku mathithi a Mosi-oa-Tunya zinkaphikidwa ndi anthu ogona ku Dambwa, ku Maramba, ku Libuyu ndi ku Linda, m'tauni ya Livingstone. Tambala woyamba akalira, munkaona amuna ali pa njinga, yunifomu yoyera yosita bwino ataikulunga m'nyuzipepala kuti isade, akulimbana ndi mchenga wa m'tinjira ta ku Dambwa mpaka akafike pa tala. Kuchoka m'tauni kukafika kumathithi ndi mtunda wa makilomita ngati 10, ndipo m'mawa wa mwezi wa Juni chisanu cha ku Zambezi chinkaumitsa zala pa handulo. Masiku ena njovu zinkatseka msewu. Pamenepo panalibe zoliza belu. Munkatsika, n'kuima patali mpaka eni njira adutse. Ine ndinali mmodzi wa apanjingawo, ndipo amene anandilowetsa m'gululo ndi amalume anga.

Amalume anachoka kwathu ku Katete m'nthawi ya Chitaganya, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Masiku amenewo anthu akum'mawa ndi a ku Nyasaland ankadziwika ndi ukhukhi ndi uwetala, kuyambira ku Fort Jameson mpaka ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Iwo anayamba ndi kutsuka mbale m'nyumba ya mzungu wina wa kunjanji, kenako anapatsidwa chitofu, kenako analowa m'mahotela a m'tauni. Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka, choncho kanali katauni kakang'ono kokhala ndi zizolowezi za mzinda waukulu. North-Western Hotel ndi Fairmount zinalipo, makalabu analipo, ndipo khukhi wodziwa kuwotcha nyama ya ng'ombe mu uvuni ndi kuphika pudini sankagona ndi njala.

Kuphika ankaphika, koma kukhala pa mpando wa m'chipinda chodyera kunali koletsedwa. Munthu wakuda ankagula nyama pa kawindo ka kumbali kwa butchala, ndipo a Kenneth Kaunda anasiyiratu kudya nyama chifukwa cha kawindo kameneko. Amalume ankasimba zimenezi akuseka. Ankati azungu aja ankaopa kukhala nafe tebulo limodzi, koma supu imene tailawa kale ndi supuni yathu kukhitchini ankaimwa osasiya dontho.

Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, zinthu zinayamba kuthamanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunatsegulidwa hotela yatsopano pafupi penipeni ndi mathithi, Mosi-oa-Tunya Intercontinental. Kampani ya Intercontinental inakhazikitsidwa mu 1946 ndi kampani ya ndege ya ku America ya Pan American, kuti okwera ndege zake azipeza pogona ndi chakudya chimene anazolowera kulikonse kumene atera. Ndiye pamodzi ndi hotelayo kunabwera zakudya zimene makhukhi ophunzitsidwa ndi Angelezi sankazilabadira kwenikweni: hamburger, masangweji osanjikiza katatu, mapankeki, nkhuku yokazinga yokutidwa ndi ufa. Amalume anasamukira kumeneko, ndipo patapita zaka zingapo anatumiza kalata kumudzi yonditana. Ndinakwera basi mpaka ku Lusaka, n'kugwira sitima ya usiku, ndipo sabata isanathe ndinali nditayamba kale kukwecha mapoto.

Ngakhale wokwecha mapoto amaphunzira mitundu ya anthu, chifukwa mbale zobwerera kukhitchini sizinama. Mngelezi ankadya kadzutsa wake m'mamawa, mwakachetechete, ndipo mukamupatsa dzira louma pang'ono ankalidya n'kukadandaula mawa lake. Wa ku America ankakuuzani zonse musanayatse moto: dzira likazingidwe mbali imodzi kapena zonse ziwiri, chikasu chake chiyenderere kapena chilimbe, nyama ya nkhumba iume mpaka kuthyoka. Khofi ankafuna kuti muzingothirabe kapu isanathe. Madzi akumwa ankawafuna ndi ayisi ngakhale mu Juni, ife tikunjenjemera. Koma ankakuyang'anani kumaso n'kukufunsani dzina, ndipo mawetala achikulire ankabwera kukhitchini akupukusa mutu, osadziwa ngati umenewo ndi ulemu kapena chibwana.

Lamulungu alendo ambiri ankadzuka mochedwa, n'kudya chakudya chimodzi chachikulu dzuwa litakwera, chophatikiza kadzutsa ndi nkhomaliro. Ankachitcha brunch. Pa tebulo limodzi pankakumana mazira, mapankeki, nkhuku, mbatatesi zokazinga, zipatso, khofi ndi mowa, ndipo anthu ankakhalapo mpaka cha m'ma 2 koloko. Ife poyamba tinkati ndi ulesi wa anthu osalima. Kukhitchini linali tsiku la thukuta, chifukwa moto wa m'mawa ndi moto wa masana zinkayaka nthawi imodzi.

Mbale yovuta koposa inali ya mazira otchedwa Benedict, ndipo mpamene amalume ankayesera munthu ngati ndi khukhi kapena ndi wongovala chipewa choyera. Dzira limaswedwa m'madzi otentha amene mwathiramo viniga pang'ono. Madziwo asabwadamuke, azingothetheka pansi. Dzira likakhala la dzulo kapena dzana limadzikulunga lokha bwinobwino, koma likakhala lakale limabalalika m'poto monse. Pakatha mphindi zitatu mumalivuula, n'kuliika pa kabuledi kowotcha kokhala ndi kanyama ka nkhumba. Zonsezi mwana akhoza kuphunzira. Nkhondo inali pa msuzi wothira pamwamba, wa chikasu cha mazira, batala wosungunula ndi madzi a mandimu. Mbale yotakasiramo imakhala pamwamba pa poto wa madzi otentha, koma isakhudze madziwo. Batala amalowa pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasa osapuma. Moto ukachuluka mazira amapsa n'kuchita zibuluma, batala akalowa mothamanga msuzi umalekana, mafuta pawokha mazira pawokha.

Amalume analibe choyezera kutentha. Ankagwira kunsi kwa mbale ndi chikhatho. "Mphwanga," ankatero, "dzanja likakana, mazira akananso. Chotsa pamoto." Msuzi ukalekana sankakalipa. Ankatenga mbale ina, n'kuikamo chikasu cha dzira limodzi ndi kasupuni ka madzi, n'kuyamba kuthiramo wolekana uja pang'onopang'ono mpaka utagwirananso. Ankachita zimenezi akuyang'ana kwina, akufunsa wetala za tebulo la pakhonde.

Zaka zabwino sizinakhalitse. Mu Januwale 1973 Ian Smith, mtsogoleri wa boma la tsidya la Zambezi, anatseka malire, ndipo mlatho wa pamathithi uja unamangidwa mu 1905 unasanduka malo a asilikali. Alendo anachepa. Tinadzaonanso chipwirikiti mu Ogasiti 1975, pamene sitima inaimikidwa pakati pa mlatho kuti a Smith akambirane ndi Abel Muzorewa, Joshua Nkomo, Ndabaningi Sithole ndi anzawo, a Kaunda ndi John Vorster wa ku South Africa ali pomwepo. Zokambiranazo zinalephereka tsiku lisanathe n'komwe, koma ife tinagona pa matumba a mbatatesi, chifukwa atolankhani ankafuna khofi ndi masangweji usiku wonse.

Chaka chomwecho mtengo wa kopa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo m'masitolo a boma munayamba mizere ya mafuta ophikira, shuga ndi sopo. Apa mpamene ndinaona ukhukhi weniweni. Buku la maphikidwe linkanena zinthu zimene m'dziko munalibe. Mapankeki a ku America amadyera madzi otsekemera a mtengo wa maple, umene umamera ku Canada ndi kumpoto chakum'mawa kwa United States, ndipo amawiritsa malita ngati 40 a utomoni wake kuti apeze lita imodzi. Ndani akanatulutsa madola kuitanitsa zimenezo? Amalume anaika uchi wa ku Kabompo, wakuda, wonunkhira mitengo ya m'thengo, ataufunditsa pang'ono ndi batala. Nkhuku ya ku America amaiviika usiku wonse mu mkaka wowawasa asanaikazinge, kuti ifewe ndiponso kuti ufa uimatirire. Amalume anapita kwa amayi a Chitonga ogulitsa mabisi ku msika wa Maramba. Nyama ikasowa, nsomba za mu Zambezi zinkalowa m'malo. Alendo ankayamikira, ena mpaka kupempha kuti awalembere kaphikidwe kake.

Mu 1981 anyamata a kampani ya ku America ya Sobek anatsika ndi mabwato a mphira m'zigwembe za kunsi kwa mathithi, kumene ife tinkati kulowa n'kudzipha. Kuyambira pamenepo alendo a ku America anayamba kuoneka kawirikawiri, ndipo ena mwa iwo anali akuda ngati ife. Tsiku lina wetala anabwera ndi uthenga woti mayi wina wachikulire wochokera ku Georgia akufunsa ngati tili ndi grits. Palibe ankadziwa. Amalume anavula epuloni yakuda, n'kuvala yoyera, n'kupita okha kukafunsa. Anabwerako akuseka mpaka misozi.

"Amalume, n'chiyani?"

"Akufuna phala la misere."

Tinatuma mnyamata kwa mlonda wina amene mkazi wake anali atakonola chimanga. Amalume anaphika misere ija pa moto wochepa kwa nthawi yaitali, akuthira madzi ndi mkaka. Mkangano unabuka pa zokometsera. Ife tonse tinkati phala ndi shuga. Mayi aja anatumiza mawu oti shuga asayandikire, akufuna mchere, batala, tsabola wakuda ndi tchizi, dzira pambali. Tchizi m'phala! Wophika makeke, Mlozi wa ku Senanga, anati amenewa ndi malodza. Koma titalawa zotsala m'poto, aliyense anangoti zii, ndipo poto anabwera kwa otsuka alibe chokwecha.

Mayi aja anakhala masiku angapo, ndipo ankakonda kucheza ndi amalume pakhomo la khitchini. Anafotokoza zimene agogo awo ankaphika: buledi wa ufa wa chimanga, therere, khobwe, mbatata, masamba ophika ndi fupa la nkhumba. Amalume ankangovomera ndi mutu, chifukwa zonsezo zinali m'munda wa amayi awo ku Katete. Buledi wa chimangayo ndi chikondamoyo chathu chomwechi. Chimanga chinachokera ku America n'kufika kuno kudzera mwa Apwitikizi, pomwe therere ndi khobwe zinawoloka nyanja kuchoka ku Africa m'nthawi ya ukapolo. Zimene mahotela amagulitsa lero pa mtengo wa madola monga chakudya chotonthoza mtima cha ku America, zambiri zinayambira m'makhitchini a akapolo ndi a alimi osauka a kum'mwera kwa dzikolo. Ndi chakudya cha amphawi chimene achiveka suti. Sindikunena monyoza ayi. Suti imamukhala bwino munthu amene anali wooneka kale.

Koma brunch imene ndimaikumbuka koposa sinali ya kuhotela. Inali ya pabwalo la amalume ku Dambwa, Lamulungu la kumapeto kwa mwezi, malipiro atalowa, iwo ali pa tchuthi. Masiku ena onse amalume sankagwira mthiko pakhomo. Ankati khitchini ya panyumba ili ndi mwini wake, ndipo amuna anzawo akanawaseka. Koma tsiku limenelo tikaweruka ku mapemphero a Reformed, mpingo wathu wa akum'mawa, ankavula jekete, n'kupinda manja a malaya, n'kuitanitsa mbaula ziwiri.

Nkhuku zinkakhala zitagona m'mabisi kuyambira Loweruka. Ankazigubuduza mu ufa wa tirigu wosakaniza ndi mchere ndi tsabola, n'kuzisiya kanthawi kuti ufa unyowe. Mafuta ankawayesa powazamo kaufa: kakangoti tswee n'kuyandama, ndiye kuti apsa. M'chiwaya sankadzazamo nthuli zambiri, chifukwa mafuta akazizira nkhuku imamwa mafutawo n'kulemera. Pa mbaula inayo pankakhala uvuni wa amphawi. Poto wamkulu, mchenga wa pabwalo pomwepo pansi pake, chitini cha chikondamoyo pamwamba pa mchengawo, chivundikiro, ndiye makala amoto pamwamba pa chivundikirocho, ambiri kuposa a pansi. Chikondamoyo chawo chinali cha mgaiwa, mazira, mabisi ndi soda pang'ono, shuga wongolawitsa. Mapankeki ankabwera pomaliza. Ufa wake sankautakasa kwambiri, ankausiya ndi timibulu, ndipo ankatembenuza kamodzi kokha, timabowo tikaoneka pamwamba. Ana a mumzere wonse wa nyumba ankakhala atafola kale ndi mbale zawo, ndipo amalume ankawatcha mayina a matebulo: tebulo wani, tebulo thuu, dikirani oda yanu.

Dambwa ya nthawi imeneyo inali ya anthu a ntchito. Woyandikana nafe anali Mlozi wa ku Zambezi Sawmills, kampani yocheka mitengo ya mukusi imene inkabwera pa njanji ya ku Mulobezi, ndipo ankabwera ndi nsomba zouma. Wina ankamanga galimoto za Fiat ku Livingstone Motor Assemblers. Wina ankagwira ku fakitale ya mawailesi ya ITT Supersonic, ndipo wailesi yake ndi imene inkaikidwa pa mpando pansi pa mtengo wa mango, ikuimba Paul Ngozi, kudikira kuti masana Dennis Liwewe ayambe kukuwa za mpira. Pabwalopo pankamveka Chilozi, Chitonga, Chinyanja ndi Chibemba nthawi imodzi. Amayi a Chitonga ankabwera ndi chibwantu m'chigubu. Ndipo onse akatha kudya nkhuku, chikondamoyo ndi mapankeki, akunyambita uchi ku zala, mdala wina sankalephera kufunsa kuti, "Nanga chakudya chibwera nthawi yanji?" Akazi awo a amalume ankadziwa kale. Madzi a nsima ankakhala ali pamoto kuseri kwa nyumba, therere lili pambali.

Amalume ankadya pang'ono tsiku limenelo. Ankakhala pa kampando, thaulo paphewa, akuyang'ana anthu akutafuna. Kuhotela mbale imachoka m'manja mwako n'kukalowa kuseri kwa chitseko, ndipo nkhope ya woidya suiona. Umangomva kwa wetala, ndipo wetala amabweretsa madandaulo msanga kuposa mayamiko. Munthu amene waphikira alendo moyo wake wonse amafunako tsiku lina kuona mwana akupsa kamwa chifukwa cholephera kudikira.

Itafika 1991 ndi boma latsopano la a Frederick Chiluba, misika inatsegulidwa, mizere inatha, koma mafakitale a mu Livingstone anatsekedwa imodzi ndi imodzi. Anzathu a pansi pa mango ena anabwerera kwawo, ena anayamba kugulitsa makala. Amalume anapuma pa ntchito n'kubwerera ku Katete, kumene anakagona. Hotela yathu inagwetsedwa, ndipo pamalo amenewo kampani ya Sun International inamanga ziwiri, Royal Livingstone ndi Zambezi Sun, zimene zinatsegulidwa mu 2001. Nthawi yomweyo mavuto a ku Zimbabwe anakankhira alendo tsidya lino, tauni n'kudzukanso. Mu Ogasiti 2013 msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za ntchito zokopa alendo unachitikira kuno ndi ku Victoria Falls, ndipo misewu ina imene tinkakankhamo njinga inaona tala koyamba.

Lero munthu akhoza kukwera bwato kupita pa kachilumba kamene David Livingstone anaimapo mu Novembala 1855 poona mathithi, n'kukadya kadzutsa pamphepete penipeni pa phompho. Akhoza kudya pa kapinga wa Royal Livingstone mbidzi zikudya msipu pafupi naye. M'tauni, mu msewu wa Mosi-oa-Tunya ndi tinjira take, muli malo odyera ambiri ogulitsa mapankeki, mabaga ndi khofi wa thovu. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti okhala pa mipando tsopano ndi ana athu omwe, aphunzitsi, manesi, a ku banki, atavala za kutchalitchi. Chimene chimandinyansa ndi mbale zake. Mbale yaikulu, chakudya pakati kachibakera, msuzi atauchita kulemba ngati siginecha, ndipo wodyayo amayamba wajambula ndi foni mpaka dzira kuzizira. Nkhuku za masiku ano nazonso zimakula m'masabata asanu ndi limodzi, fupa lake lofewa, kukoma kwake muchite kufunafuna ndi zokometsera.

Mdzukulu wanga wamkazi ndi khukhi pa loji ina ya m'mbali mwa mtsinje. Anaphunzira kusukulu, ali ndi satifiketi, ndipo chilichonse amayeza pa sikelo ndi kachoyezera kutentha kobaya mu nyama. M'nthawi yathu mkazi m'khitchini ya hotela ankangosenda mbatatesi, koma iye amalamula amuna akuluakulu. Timatsutsana kawirikawiri. Iye amati mafuta a nkhuku afike madigiri 175, ine ndimati awazemo kaufa. Tinayesa tsiku lina, iye ndi chida chake ine ndi ufa wanga, ndipo tinagwirizana pa mphindi yomweyo, koma mpaka lero aliyense amati anapambana ndi iye.

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ngakhale kuno kumene kuli makina opangira magetsi pa mathithi pomwepo. Dambwa yonse inabwerera ku mbaula, ndipo mtengo wa makala unakwera. Kuntchito kwa mdzukulu wanga kunali jenereta ndi gasi, koma kunyumba anali ndi maoda a makeke a ukwati ndi a masiku obadwa, amene amamuthandiza kulipira fizi ya ana. Anafika madzulo ena ndi kope ndi cholembera.

"Agogo, uvuni wa mchenga uja mumati bwanji?"

Ndinamutuma kukatapa mchenga kuseri kwa nyumba, n'kumuonetsa kuchuluka kwa makala a pansi ndi a pamwamba, ndi mmene amazunguzira poto kuti mbali imodzi isapserere. Anafuna kudziwa kuti makalawo ndi magalamu angati. Ndinati ayike chikhatho pamwamba pa chivundikiro awerenge mpaka faifi. Akalephera kufika, achotseko makala. Analemba zimenezo m'kope, kenako anatenga makala amene ndinasankha aja n'kukawaika pa sikelo yake. Keke yoyamba tinadya tokha ndi ana a oyandikana nawo. Yachiwiri inapita ku ukwati ku Libuyu, ndipo eni ake anaitanitsanso ina ya chinkhoswe cha mng'ono wa mkwatibwi.